Tizitsulo ta Msonkho Timene Ndinakwecha

Lolemba, 16 Juni

Kuzizira lero! Nkhungu yatsika m'phiri mpaka pakhomo, khola la nkhumba silikuoneka n'komwe. Zala zikukana kugwira cholembera, koma nkhani iyi siingagone m'mimba.

Fabiano watumiza mawu pafoni. Fabiano wanga, mwana mmodzi yemweyo, wa ku Joni. Ndawamvera nditaima pachulu cha kuseri kwa nyumba, poti netiweki kuno imakhala pamenepo basi. Akuti bwana wake, mzungu amene amamusamalira maluwa, amatolera tizitsulo takale ta msonkho, tija ankapatsa munthu nthawi ya atsamunda akakhoma msonkho, kuti aonetse kwa mesenjala kuti walipira. Ta nyumba, ta njinga, ngakhale ta galu. Bwanayo akuti amatisunga m'kabati ya galasi, amatisuzumira kamodzikamodzi ngati dokotala, ndipo amagula modula. Ndiye Fabiano wakumbukira chitini cha agogo ake, chija anabwera nacho kuchokera ku Halale, chimene iye ankaseweretsa ali mwana.

Mawu ake enieni ndi awa: "Amayi, mukapeza tambiri ndibwera ndekha kudzatenga. Zinthu zoterezi satumiza."

Ndibwera ndekha! Mwana ameneyu sanapondeko kuno chimangireni chiliza cha bambo ake. Chaka chilichonse nyimbo yake ndi yomweyo: mapepala sanatuluke, bwana wakana tchuthi, basi yakwera mtengo. Mwana wake Tadala wayamba kale sukulu, ine agogo ake ndimangomudziwa pafoni, akundipatsa moni m'Chingerezi kenaka n'kuthawa. Sindinamunyamulepo.

Chitini ndachipeza pansi pa bedi, kuseri kwa nsapato za malemu amuna anga. Muli mabatani, kiyi wa loko amene anatayika kalekale, dzino la munthu (la ndani?), ndi tizitsulo tongokwana m'dzanja limodzi. Kodi "tambiri" ndi tingati? Sananene.

Zochita sabata ino:
kuyenda m'makomo mwa anthu amene makolo awo anapitako ku Halale kapena anali ndi njinga
kuchotsa matumba a mbewu ya mbatata ya kachewere m'chipinda cha Fabiano, n'kuziramo
kuchapa bulangete lalikulu lija
osauza munthu aliyense!

Lachiwiri, 17 Juni

Ndangouza a Nangozo okha, aneba anga, poti andipeza ndikuyanika bulangete kunja kopanda dzuwa, ndipo nkhope yanga siibisa kanthu. Dzuwa lisanatuluke m'nkhungu anthu a kumjigo akudziwa kale kuti Fabiano akubwera pa galimoto yakeyake. Galimotoyo akuti ndi yofiira.

Ndayenda mudzi wonse, miyendo ikuwawa. Zimene ndapeza:

Kwa achimwene anga a Gelevazio, tiwiri ta njinga. Tinali tochirikiza mwendo wa tebulo. Akufuna ndowa ya kachewere. M'bale wanga weniweni, bere limodzi! Ndapereka.

Kwa a Naphiri, kamodzi, komangidwa m'khosi mwa mbuzi. Mbuziyo sinafune kukambirana. Taithamangitsa m'munda wa kabichi azimayi awiri aakuluakulu, chitenje changa chang'ambika pa waya.

Kwa akatekisiti opuma aja, ndalama zakale zoboola pakati, zodzadza kapu. Akuti nazonso ndi za msonkho popeza anthu ankakhomera msonkho ndi zomwezo. Munthu wa Mulungu sungamutsutse.

Mayi ena andipatsa mendulo ya Amayi Maria yofufutika. Ndalandira. Ndikanakana bwanji, anthu akuona?

Ndi tina tozungulira toboola timene eni ake akulumbira kuti n'ta agogo awo.

Tsono kudziwa chenicheni ndi chabodza. A Nangozo akuti: "Chenicheni chimakoka mpunga, anthu a ku Lilongwe amayesa choncho." Tathira mpunga pa lichero, taika kachitsulo pakati, tadikira. Mpunga uli phee. Akuti vuto ndi mpunga wanga, wa kugolosale, pafunika wa ku Karonga. Kenaka akuti tizigwetsa pamwala, kolira kuti ngiii ndi kenikeni. Tonse tikulira ngiii. Ngakhale kiyi wa loko uja walira.

Mbewu ya kachewere yatsika kwambiri, poti aliyense akufuna kangachepe. Ndidzadzala chiyani? Za mawa n'za mawa. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo chitini chadzadza mpaka chivundikiro chikukana. Ngati apa si "tambiri", ndiye kaya.

Lachitatu, 18 Juni

Ndatikhuthulira pa lichero kuti nditione bwino padzuwa. Mayo ine, uve wake! Takuda bii, tina tobiriwira ngati ndere za pachitsime. Kaja ka mbuzi ndiye fungo lake losasimbika.

Zimenezi zikafike patebulo la bwana wa mwana wanga? Akanene kuti kwawo kwa Fabiano kulibe madzi? Ine amene mapoto anga amabwerekedwa pa ukwati uliwonse, anthu n'kumadziyang'anirapo nkhope? Ayi ndithu. Chinthu chopita kwa alendo sichituluka m'nyumba mwanga chosatsuka, ngakhale mbale yobweza ndiwo.

Zida:
phulusa
mchenga wa kudambo
mandimu a a Nangozo
waya wotsukira mapoto
kamwala kanga kokwechera zidendene, ka touma mutu

Takhala pamphasa ndi a Nangozo tsiku lonse, kukwecha, tikuimba za kukwaya. Zala zachita kusupuka. Koma zotsatira zake! Waliwali, mkuwa weniweni, kuchita kuthobwa m'maso. Anthu odutsa akuima. A Nangozo akuti: "Apa mzungu uja akomoka." Manambala ena apita limodzi ndi litsiro, komanso nkhope ya mfumu pa ndalama zina yatsala khutu lokha. Palibe kanthu. Munthu angafune nambala ya chiyani, msonkho wake unalipidwa kalekale?

Ndayala nsalu yoyera ya patebulo, ndatindandalika m'mizere ngati ana a ukaristia woyamba, ndajambula. Kukwera pachulu. Zithunzi zapita. Sanayankhe, mwina ali pantchito.

Madzulo ndalowa m'chipinda mwake. Matumba ndatulutsa, makoswe akwiya. Kuseri kwa matumbawo, pakhoma, pakadali galimoto imene anajambula ndi khala ali sitandade 3, matayala ake asanu, woyendetsa mutu waukulu kuposa chitseko. Ndinamukalipira tsiku limenelo. Lero ndazira khoma lonse, pamenepo ndalambalala. Ndakhala pabedi lake kanthawi, manja ali ndi dothi. Ndamusowa mwana ameneyu, ndamusowa mpaka pachifuwa pakuwawa ngati ndameza mbatata yotentha.

Lachinayi, 19 Juni

Foni ikusonyeza kuti zithunzi waziona. Yankho palibe.

Ndapita kuboma pa njinga yamoto, chitini ndachifungatira m'chitenje ngati khanda, mphepo ikucheka makutu. Ndikufuna kumva mtengo wake ndisanamve kwa mzungu, kuti mwana wanga asakaberedwe. Anthu amati Che Amidu, a sitolo ya misomali ndi maloko pafupi ndi msewu waukulu, amagulanso masimbi akale a makala, ndipo zinthu zamakedzana amazidziwa.

Andilandira bwino, andipatsa mpando. Akhuthulira pa kauntala n'kuyamba kusankha ndi chala chimodzi ngati akusankha nyemba.

"Mayi, uyu ndi washala wokhomera malata. Uyunso washala. Uyu ndinagulitsa ndine, ndikumudziwa."

Ndalama za akatekisiti akuti zilipo zambirimbiri, nyumba iliyonse ya nkhalamba ili nazo. Mendulo andibwezera ndi manja awiri mwaulemu. Patsala kamulu kochepa: ta m'chitini cha agogo, ta a Gelevazio, ndi ka mbuzi kaja, kamene akuti n'ka msonkho wa galu. Mbuzi yakhala ikuyenda ndi chiphaso cha galu zaka zonsezi!

Kenaka anyamula kamodzi, akutembenuza, akuyang'ana ine.

"Iti ndiye tenitenito. Koma mayi, mwachita kukwecha?"

Ndayankha monyadira kuti ndi manja angawa.

Avula kofiya, akanda pamutu, avalanso. "Ogula zinthu izi amagula litsiro lakelo. Ukalamba wake ndiwo mtengo wake. Pepani mayi."

Hee! Nzeru za anthu amalonda ndimazidziwa. Ndi zomwezija za ogula kachewere, akamati zachepa, zabooka, kuti utsitse mtengo. Ndani anagulapo litsiro? Likanakhala la malonda bwenzi achimwene anga a Gelevazio ali ndi galimoto. Ndatolera zanga n'kutsanzika. Chondidetsa nkhawa n'chimodzi: sanandiuze mtengo uliwonse, ngakhale wonyoza. Wofuna kukubera amatchula mtengo. Iwowa angondiperekeza mpaka pakhomo, n'kunenanso kuti pepani.

Ndadzera pa kaunjika. Juzi yofiira ya Tadala, poti ana a ku Joni kuzizira kwa kuno sangakupirire. Msinkhu wake sindikuudziwa, ndiye ndayeza pa mwana wa mayi wina wogulitsa tomato. Mayiyo afunsa kuti mdzukulu wanga ndi wamtali bwanji, ine n'kuonetsa ndi dzanja. Dzanjalo lakwera, latsika, lakweranso. Ndachita manyazi.

Ndagulanso shuga ndi masamba a tiyi abwino. Pachulu madzulo: zii.

Lachisanu, 20 Juni

Wayankha.

"Amayi, mwatani? Mwatani amayi? Bwana wagwira kumutu. Akuti munali tinayi tabwino kwambiri, koma mwatipala ngati mapoto, palibe angagule. Bwanji osafunsa kaye?"

Kufunsa! Ndifunse chilolezo chotsuka chinthu? Chibadwire changa sindinakalipiridwepo chifukwa cha ukhondo. Iyeyo amene ndinkamukwecha kumsana ndi chisa cha chimanga Loweruka lililonse akulira, lero akundiphunzitsa ubwino wa litsiro! Kodi mzunguyo mbale zake satsuka? Ndajambula mawu onsewa, ataliatali, kenaka ndafufuta. Ndatumiza akuti: "Pepa mwanawe, sindimadziwa."

Wabweza: "Basi amayi, zachitika. Ulendo uja ndiye ulibenso phindu, pokhapokha patapezeka tina tosatsuka."

Ndatsika pachulu chokhala pansi. Wamisala anaona nkhondo: Che Amidu amanena zoona, ine n'kumawayesa akuba. Pamenepo sanali ngakhale amisala.

Ngati kuti sizinakwane, mudzi wamva kuti dzulo ndinali kuboma ndi chitini. Ndiye kuti ndagulitsa, ndiye kuti ndalemera. A Naphiri akuti mbuzi yawo yasiya kudya chichotsereni kachitsulo kaja. Akatekisiti atumiza mawu oti ndisaiwale chakhumi, ndiponso iwowo. A Gelevazio afika okha, akhala pakhonde, akuti ndowa imodzi inali yoyambira chabe. Ndawakhuthulira chitini pamapazi, ndati tengani chuma chanucho mukagule ndege. Takangana mpaka nkhuku zathawa pabwalo.

Mkangano uli mkati iwo akuti: "Iwe ukudzitama chiyani? Amuna ako omwe sankatiwerengera, ankakhomera malata a khitchini ndi tomweto!"

Ndatembenuka, ndayang'ana denga la khitchini.

Zoona. Chaka chimene tinafolera khitchini mawashala anatithera, malemu anatapa m'chitini chomwechi. Tizitsuloto tili padenga. Dzuwa, mvula, utsi, zaka zonsezi, ndipo dzanja langa silinafikeko!

Ndawaphikira tiyi a Gelevazio, wa masamba abwino aja. Adabwa. Makwerero awo abwera nawo mawa.

Loweruka, 21 Juni

Makwerero abwera, eni ake sanabwere. Akuti msana. Ndakwera ndekha, mayi wa imvi ngati ine, nditamanga chitenje ngati wopita kukasaka mbewa, nyundo m'chiuno. A Nangozo agwira makwerero, maso atseka, akupemphera mokweza. Ndawauza kuti atsegule maso, Amayi Maria amamva ngakhale munthu akuyang'ana.

Mphepo padengapo! Malata akulira pansi pa mawondo. Ndakwawa msomali ndi msomali. Washala, washala, chitsekerero cha botolo, kachikopa ka tayala. Malemu amuna anga, Mulungu awalandire, ankakhomera denga ndi chilichonse chimene chawayandikira. Kenaka kumapeto, pamwamba pa pamene pamatulukira utsi, tatatu! Takuda bii, tonyansa, tokongola. Manambala akuoneka onse. Ndazula misomali pang'onopang'ono. Chala changa chinayamba chokha kupukuta kamodzi, ndachimenya.

Chodabwitsa: padenga netiweki ndi yodzadza kuposa pachulu. Ndajambulira pomwepo, ndatumiza, ndakhala pamalata kudikira. Kuchokera pamenepo msewu wa tala ukuoneka patali, kumene mabasi a ku Joni amatulukira akachoka kuchipata cha m'malire. Yadutsa imodzi yaikulu, ngolo ya katundu kumbuyo. Ndaitsatira ndi maso mpaka yabisika ndi mapaini.

Foni yalira. Osati mawu ojambula, waimba yekha!

"Amenewo ndiye amayi! Bwana wasangalala kwambiri. Musatsuke, chonde, ngakhale kupukuta."

Akuseka, kuseka kwake kuja kwa bambo ake. Ine ndikulira padenga, a Nangozo pansi akufunsa ngati ndathyoka. Ndamufunsa kuti unyamuka liti, ndikonze nkhuku.

Kuseka kwatha. Kenaka: "Amayi, tatatu tokha sitingandikweze basi, ndi tchuthi chomwe bwana sangandipatse. Pali mnzanga woyendetsa thiraki, adutsa kuchipata Lachiwiri. Mukulunge bwino mumupatse."

Ndamukumbutsa kuti Lolemba unati zinthu zoterezi satumiza. Akuti ameneyo ndi wokhulupirika. Akuti andigulira foni yabwino, yojambula zooneka. Kenaka mayunitsi ake atha, kapena bwana wamuitana, sindikudziwa.

Ndakhala padengapo mpaka a Nangozo anena kuti manja awo achita dzanzi. Kutsika n'kovuta kuposa kukwera. M'khitchini tsopano muli mabowo atatu, dzuwa likulowa ngati ndodo. Mvula ikadzabwera ndidzaona chochita.

Lamulungu, 22 Juni

Ku Misa ndakhala kumbuyo. Sizinathandize. Potuluka azimayi a mphakati andizungulira: "Afika liti a Fabiano? Galimoto ija tikwera nawo?" Ndati ali m'njira. Si bodza kwenikweni, munthu wamoyo aliyense ali m'njira.

Zotsala m'manja mwanga sabata ino:
chitini cha zitsulo zowala zopanda ntchito
juzi ya mwana amene sindikudziwa msinkhu wake
chipinda chozira bwino
mbewu yongokwana theka la munda
denga lobooka

Tatatu tija ndakulunga m'pepala, osapukuta. Lachiwiri ndikapereka kwa wa thirakiyo. Apite nato, bwana akondwe, alakelake tina. Msampha wopanda nyambo sugwira mbewa.

Masana ndaganiza. Chinadetsa tija ta padenga n'chiyani? Mvula, utsi ndi nthawi. Mankhwala ena palibe. Ndiye ndatenga mphika wadothi wong'aluka, ndaikamo tonse timene Che Amidu anati ndi tenitenito, ndathiramo mwaye wa m'khitchini, manyowa a nkhumba ndi mchere pang'ono. Mawashala ndaponyamonso kuti mphika ulemere. Ndapita kudimba anthu ali kumpira, ndakumba pansi pa mtengo wa pichesi, ndakwirira, ndapondaponda. Ine amene ndatha moyo wanga wonse kutsuka zinthu, lero Lamulungu lathunthu ndikuphika litsiro.

Kenaka pachulu. Ndajambula mawu, osanjenjemera: "Fabiano, ndakumbukira. Agogo ako anakwirira mphika wina wodzadza kudimba. Malo ake sindingawalongosole pafoni, ndipo msana wanga sulola khasu. Munthu wadera sindingamuonetse. Pafunika iwe mwini wake."

Bodza, tsiku la Mulungu, ukaristia ukadali pakhosi. Ndikalapa Loweruka. Abambo mfumu akandifunsa ngati ndikumva chisoni ndi tchimoli, pamenepo ndiye pakavute.

Wayankha dzuwa litapendeka: "Zoona amayi? Musauze munthu. Tiona Disembala."

Tiona. Mawu amenewo ndimawadziwa, ndawamva Disembala wambiri. Mwina akudziwa kuti ndikunama, si wopusa mwana uja. Mwina mzunguyo adzangoyang'ana kamodzi n'kuseka. Zilibe kanthu, adzasekere komweko, mwana wanga atagona kale m'chipinda mwake ngakhale usiku umodzi. Ndiponso mkuwa suda msanga. Akachedwa, ndiye kuti tikhala tada bwino.

Juzi ndaipinda, ndaika m'sutikesi ndi mankhwala a njenjete. Ndatenga kheni, ndatsikiranso kudimba, ndathirira kabichi. Madzi otsala ndathira pansi pa pichesi paja. Mawa ndikathiranso.